Kodi V8 yakale ija inakulowani bwanji mumtima?

Admin wa gulu:
Abale mwaswera bwanji nonse. Sabata yonseyi takhala tikungokangana za mitengo ya ma spare ndi mizere ya mafuta, lero tiyeni tipumeko kaye. Funso langa nali. Galimoto zakale za ku America zija, za injini ya V8 (ya masilinda 8), za m'ma 1960 mpaka chakumayambiriro kwa ma 1970, zomwe eni ake amazitcha muscle car, inu munayamba bwanji kuzikonda? Ndikufunsa chifukwa ambirife tinakulira pakati pa ma Peugeot 404, ma Datsun ndi ma Land Rover, ndipo ena mpaka lero sitinaikhudzepo ndi dzanja. Aliyense afotokoze yake, musafupikitse ayi, nthawi ilipo.

Makaniko wa ku Ndirande:
Ndiyambe ndine akulu. Ine zinandiyambira ku vidiyo sho. Ndinali sitandade 5 kapena 6, tinkatola mabotolo nkukagulitsa kuti tipeze ya pakhomo, nde tsiku lina anaika filimu ina yake, nkhani yake sindinaimve nkomwe poti chizungu chinali chisanalowe, koma munali galimoto yakuda, yaitali, yotambalala ngati bwato la ku Nkhotakota, kutsogolo kwake kopanda nyali. Ndithu kunalibe nyali, mdima wokhawokha kuchoka mbali iyi kukafika mbali iyo. Itangolira sipika ya mu sho muja inachita kunjenjemera, benchi yomwe tinakhalapo nayo inanjenjemera, ine mtima unangoti myuu. Potuluka sindinalowere kunyumba, ndinapita kukasaka mawaya. Anzanga onse ankapinda malole ndi mabasi, ine masiku atatu ndili pa galimoto imene ija, kutsogolo ndinatseka ndi kachitini kopaka makala kuti nyali zisaoneke. Dzina lake ndinadzalidziwa patapita zaka, ndili kale pa galaja. Abwana omwe anandiphunzitsa ntchito anali ndi kalendala yakale yomata kukhoma, pansi pa chithunzi panalembedwa 1968 Dodge Charger R/T. Ndinangoima sipana ili m'manja. Iwo ndi omwe anandiuza kuti nyali zilimo ndithu, zimabisala kuseri kwa tizitseko, ukayatsa timatseguka tokha ndi vacuum yochokera ku injini.

Kamnyamata ka ku Area 25:
Eee bambo nkhani yanu yandikhudza. Ya 1968 ndi ija ya nyali zakumbuyo zozungulira eti?

Makaniko wa ku Ndirande:
Yomweyo mwana wanga. Zinayi, ziwiri mbali iliyonse. Ya 1969 anasintha, kumbuyo anaika zazitali, kutsogolo anagawa pakati. R/T inkabwera ndi injini ya 440, ndiye kuti kukula kwake ma cubic inch 440, kunena kwathu kuno malita 7.2, ma horsepower 375, ukafuna zoposa apo umaitanitsa 426 Hemi ya 425. Taganizani, minibasi zomwe ndimakhalira kukonza pano zambiri ndi za malita awiri kapena kuposerapo pang'ono.

Wa ku South Bend:
Moni nonse, kuno kukali m'mawa. Ine ndinafika ku Indiana ndilibe nazo ntchito za magalimoto, bola yondifikitsa kuntchito basi. Chaka changa choyamba chinali chowawa, kuzizira, kusowa anthu akwathu ngakhale aMalawi tilipo ambiri mu tauni muno, poti aliyense amakhala ali pa shifiti yake. Nde m'mawa wina mwezi wa May ndikuchokera kuntchito ya usiku, ndangotsika galimoto, ndinamva chinthu chikugunda ngati ng'oma yaikulu ija ya ku dambwe, osati phokoso lolasa m'khutu ayi koma loti umalimva m'chifuwa. Ndinatsatira. Nyumba yachitatu kuchokera pa ine, mdala wina wachizungu anali atatsegula galaja, mkati muli Pontiac GTO ya 1965, yabuluu wakuda, nyali ziwiriziwiri zosanjikizana. Ndinaima pa msewu ndili mu yunifomu, iye anangondikodola ndi dzanja nkundipatsa tochi kuti ndimuunikire pansi pa boneti. Sanandifunse dzina kapena kuti ndachokera kuti, anangoti unika apa. Ubwenzi wathu unayambira pamenepo. Akazi ake anali atamwalira, ana ali kutali, galimotoyo anaigula ali mnyamata. Bambo ake ankagwira ntchito ku fakitale ya Studebaker mu South Bend momwemuno mpaka pomwe inatsekedwa mu December 1963, nde akayamba kukamba za magalimoto samakamba zitsulo zokha, amakamba za bambo ake, za tauni mmene inalili anthu masauzande akutuluka pa geti madzulo. Ine ndimamumvetsa bwino chifukwa nanenso ndimakhala ndikuganiza kwathu.

Admin wa gulu:
Nde anakupatsaniko kuti muyendetse achimwene?

Wa ku South Bend:
Patatha zaka ziwiri! Zaka ziwiri ndikuunika tochi, kupatsira masipana, kupukuta. Yake ndi ya Tri-Power, ma kabuleta atatu ondondozana pamwamba pa injini. Ukamayenda bwinobwino imagwira yapakati yokha, koma ukaponda mpaka pansi ziwiri zam'mbali zimatseguka nthawi imodzi ndipo mpando umachita kukukankha kumsana. Tsiku lomwe anandipatsa makiyi manja anali thukuta lokhalokha. Chiwongolero cholemera, ma giya anayi a pansi, mabuleki a dilamu matayala onse anayi ndiye umayenera kuyamba kuganiza zoima ukadali patali. Ndinangoyenda mamailosi ochepa pakati pa minda ya chimanga koma mpaka lero ndikatseka maso ndimaumva msewu umene uja.
Ndipo mdalayu ndi amene anandiuza mbiri yake. Ku General Motors kunali lamulo loti galimoto zapakatikati zisaikidwe injini yoposa ma cubic inch 330. John DeLorean ndi anzake ku Pontiac anazemba lamulolo, anatenga injini ya 389 ya galimoto zikuluzikulu nkuiika mu Tempest LeMans, osati ngati galimoto yatsopano koma ngati chinthu chongoonjezera chomwe wogula amasankha yekha. Icho chinali chaka cha 1964. Ankayembekeza kugulitsa 5,000, zinagulidwa zoposa 32,000. Makampani ena ataona choncho onse anathamangira komweko.

Kamnyamata ka ku Area 25:
Ine yanga ndi Mustang akuluakulu. Ndinaidziwira mu gemu ya mpikisano pa PlayStation ya msuweni wanga, aliyense amathamangira Lamborghini koma ine nthawi zonse ndimasankha Mustang fastback ya 1967 ngakhale pa kona imataya matako, kaya bwanji, ndimangoikonda mmene denga limatsetserekera mpaka kumbuyo kuja. Kenako ndinayamba kuifufuza pa YouTube, bando imathera pomwepo. Pano ndili chaka chachiwiri cha umakaniko ndipo chinandilowetsa ndi chimenechi, mayi anga amafuna ndipange za akaunti.

Mphunzitsi wopuma wa ku Zomba:
Mwana wanga wasankha bwino ntchito, limbikira. Koma ndikukonze pang'ono, Mustang eni ake ambiri samaiwerengera m'gulu la muscle car, amati pony car. Inatuluka pa 17 April 1964 ku chionetsero cha ku New York, inamangidwa pa mafupa a Ford Falcon, ndipo zambiri zoyambirira zinali ndi injini wamba ya masilinda 6 kapena V8 yaing'ono. Anagulitsa zoposa 400,000 m'chaka choyamba chokha chifukwa inali yokongola ndi yotsika mtengo, osati chifukwa cha mphamvu.

Kamnyamata ka ku Area 25:
Aphunzitsi ndikumva, koma nanga Mach 1 ya 1969 ya 428 Cobra Jet? Nanga Boss 429? Zimenezo tizitcha chani ngati si muscle?

Mphunzitsi wopuma wa ku Zomba:
Apo wandigwira. Zikafika pamenepo nanenso sinditsutsa.

Namwino wa ku Northampton:
Mkangano umenewu ngakhale azungu eni ake sanaumalize, tisataye nawo nthawi. Ine ndinatengedwa ndi amuna anga kupita ku Santa Pod, bwalo la mpikisano wothamanga molunjika, sipatali ndi kuno. Ndinapita monyinyirika, ndinkati tingokamva phokoso ndi utsi. Koma pamalo oimika magalimoto panali Plymouth Road Runner yachikasu, mwini wake ataona ana anga akuiyang'ana anaimba hutala, inangoti bip bip ngati kambalame ka mu katuni kaja, ana anaseka mpaka misozi. Anatifotokozera kuti Plymouth inalipira Warner Bros madola 50,000 kuti igwiritse ntchito dzina ndi chithunzi cha kambalameko mu 1968. Chomwe chinandigwira ine ndi mkati mwake. Mulibe chilichonse chapamwamba, mpando wake wautali ngati benchi, chifukwa anaipangira mnyamata wogwira ntchito wamba kuti ndalama yake ipite ku injini, ya 383, osati ku zokongoletsa. Ndinakumbuka bambo anga, munthu wosafuna zambiri koma wamphamvu pa ntchito. Kuyambira tsiku limenelo ndine amene ndimakumbutsa kuti tipitenso.

Achimwene a ku Joni:
Mukukamba za ku America zokhazokha ngati kuno kumwera kunalibe. Zinaliko abale, ndipo za chiwongolero cha kumanja ngati kwathu. Ine ndimagwira ntchito yowongola ndi kupenta magalimoto chakum'mawa kwa Johannesburg, nde tsiku lina kunabwera pa thilela chigalimoto cha zitseko zinayi, dzimbiri lokhalokha, nkhuku zinkaikira mazira m'kati mwake pa famu ina. Ine ndinati ichi nchopita kwa ogula zitsulo. Abwana anandiyang'ana nkunena kuti iyi ndi Ford Fairmont GT, usaiyankhulire choncho. Tinakhala nayo miyezi 14. Ndinadula pansi ponse nkuwotcherera zitsulo zatsopano, zala zinatha ndi sandipepa, ndipo mmene mukudziwira chinthu ukachigwira tsiku ndi tsiku umayamba kuchidziwa ngati munthu, pomwe chinagundidwapo kale, pomwe wina anamata mwachinyengo. Tsiku loiliza koyamba tonse tinasiya ntchito. Injini yake ndi 351 Cleveland, malita 5.8, ndipo pa boneti pali bowo pomwe chipewa cha kabuleta chimatulukira, amachitcha shaker chifukwa chinamangidwa pa injini penipeni, injini ikagwedezeka nacho chimagwedezeka uli kuchiona. Ndinalira ine, sindibisa. Galimoto zimenezi kwenikweni ndi Falcon GT ya ku Australia, zinkabwera zidutswazidutswa nkudzamangidwa ku Port Elizabeth kumayambiriro kwa ma 1970, ndipo pano a ku Australia amabwera kudzazigula nkubwerera nazo kwawo.
Kunalinso Capri Perana, Basil Green anatenga Capri yaing'ono ija nkuikamo V8 ya malita 5 mu Johannesburg momwemuno. A Chevrolet anayankha mu 1973 ndi Firenza Can Am, anapanga 100 zokha kuti aloledwe kulowa nayo mu mpikisano.

Chemwali wa ku Ntcheu:
Achimwene a ku Joni dikirani kaye. Mwati pa boneti pali bowo ndipo pamatuluka chinthu chogwedezeka?? Thupi langa lachita tsemwe. Ine ndakhala chete pa gulu pano chiloweleni chifukwa sindidziwa maina a injini ngati inu, ndinalowa chifukwa cha agogo anga aamuna. Iwo anapita ku migodi ya golide pa Wenela ali mnyamata, ndipo m'chikwama chawo chachitsulo chomwe anabwera nacho muli chithunzi chimodzi, chakuda ndi choyera, aima pambali pa galimoto yaikulu ya zitseko zinayi, dzanja limodzi lili pa denga, avala chipewa ndi jekete. Pa boneti pali chinthu chotukuka chimene mukunenacho. Tili ana madzulo tikamaotha moto ankatiuza kuti inali ya mzungu wina wamkulu wa pa mgodi, iwo ankaitsuka Lamulungu kuti apezeko kangachepe koonjezera, ndipo ankatiyeserera kulira kwake ndi pakamwa, bvu bvu bvu bvu, uku akugwedeza chibakera kusonyeza mmene chinthu cha pa boneti chija chinkachitira. Ife timafa nako kuseka, timati agogo yambiraninso. Dzina la galimotoyo anaiwala kalekale, amangoti Fodi ya bwana. Anabwerako pomwe Kamuzu analetsa za Wenela, ndege ija itagwa ku Francistown mu April 1974 nkupha anthu oposa 70, ambiri aMalawi obwerera kwawo. Sanapitenso. Pano maso anafooka, sayenda patali, koma ukangotchula Fodi ya bwana nkhope imawala. Ine chikondi changa chinachokera pamenepo, galimoto yoti sindinaionepo, ndinangoimva pakamwa pa agogo.

Achimwene a ku Joni:
Chemwali jambulani chithunzicho mutumize pompano chonde. Zaka zake zikugwirizana ndendende.

Chemwali wa ku Ntcheu:
Chili kumudzi, ndikupita Loweruka. Ndikajambula.

Mphunzitsi wopuma wa ku Zomba:
Mwana wanga nkhani yako yandikhalitsa chete kanthawi. Tisaiwale mbali imeneyi abale. Nthawi imeneyo ku Joni munthu wakuda wa pa mgodi, malipiro ake ndi malamulo a tsankho aja, galimoto ngati imeneyo akanangoitsuka basi, kuiyendetsa ayi. Akulu anga enieni anapitanso pa Wenela, anabwerako ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chomwe sichinapole mpaka kumwalira. Ndiye ine ndikamaziona galimoto zimenezi mtima umakhala pawiri, kuzikonda ndimazikonda ndithu koma ndimakumbukanso omwe ankaima pambali pake ndi chidebe cha madzi. Agogo akowo anaika dzanja pa denga pojambulitsa, ine ndaona ulemu waukulu pamenepo, anadziwa kuti kuwala kwa galimotoyo kunali ntchito ya manja awo.
Ine yanga ndi yaifupi. Ndinaidziwira m'magazini akale omwe mphunzitsi wina wa Peace Corps anasiya pa sukulu yomwe ndinkaphunzira. Munali chithunzi cha Chevrolet Chevelle SS yofiira ya mizere iwiri yakuda pa boneti. Ndinang'amba tsambalo, ndinalisunga m'Baibulo zaka zambiri. Ya 1970 ya injini ya 454 LS6 inkalembedwa ma horsepower 450.

Kamnyamata ka ku Area 25:
Funso kwa bambo a ku Ndirande. Aliyense pano akukamba za kulira kwake, ngakhale agogo a chemwali. Nchifukwa chani V8 ya ku America imalira mosiyana ndi zina? Kusukulu sanatifikitsepo.

Makaniko wa ku Ndirande:
Funso labwino, tenga kope. Chinsinsi chili pa crankshaft, chitsulo cha m'kati mwa injini chomwe ma pisitoni amazunguza. Ukaiyang'ana chakumapeto imaoneka ngati mtanda. Injini yonse imaphulitsa mwadongosolo, silinda imodzi pa madigiri 90 alionse, koma ukatenga mbali imodzi payokha siiphulitsa mofanana ayi. Tenga ndondomeko ya Chevrolet ndi Dodge, 1-8-4-3-6-5-7-2. Manambala 1, 3, 5, 7 ali mbali imodzi, 2, 4, 6, 8 mbali inayo. Waona 8 ndi 4 atsatizana mbali imodzi, kenako 5 ndi 7 atsatizananso mbali inayo? Ndiye mu ekizozi iliyonse utsi umatuluka modukizaduka, pena pafupipafupi pena motalikirana, ndi kumene kumachokera kugunda kuja ngati ng'oma ziwiri zikuyankhana. Ferrari crankshaft yake ndi yafulati, mbali zonse zimasinthana bwinobwino, nchifukwa chake imalira mokuwa. Ukaonjezera camshaft yaukali ndi pomwe pa idle imachita ngati ikufuna kuzima koma osazima.
Ndipo ndikuuzeni china. Charger sindinaigwirepo, koma mnzake wa ku America ndinamugwira. Range Rover zakale zija za V8 ya malita 3.5, injini imene ija poyamba inali ya Buick, ya aluminiyamu, a Rover anaigula kwa General Motors mu 1965. Tsiku lomwe inabwera yoyamba pa galaja pathu ndinaichotsa ekizozi dala ndisanaikonze, ndinailiza kamphindi, ndinatseka maso, ndinabwerera pa benchi ya mu vidiyo sho muja.

Namwino wa ku Northampton:
Nanga zinatha bwanji poti anthu ankazikonda chonchi?

Wa ku South Bend:
Zinthu zingapo zinagwa nthawi imodzi achemwali. A inshuwalansi anakweza mitengo kwambiri kwa anyamata oyendetsa galimoto zamphamvu chifukwa cha ngozi, mpaka ena inshuwalansi imawalemera ngati ngongole ya galimoto yomwe. Kenako lamulo la mpweya wabwino la 1970, Clean Air Act, ndi kuyamba kuchotsa mtovu mu petulo, ndiye kuyambira 1971 makampani anayamba kutsitsa compression, kupanikizika kwa mpweya ndi petulo mu silinda, mphamvu nkumatsika. 426 Hemi chaka chake chomaliza chinali 1971 chomwecho. Chomalizitsa chinali October 1973 pomwe maiko a Aluya anasiya kugulitsa mafuta ku America, anthu anagona pa mizere ya petulo ngati mmene timachitira kwathu, boma linaika malire a liwiro pa mamailosi 55 pa ola. Mdala wanga amati nthawi imeneyo anthu ankazigulitsa motaya kuti agule Datsun ndi Toyota, anzake ankamuseka kuti akusungiranji chimeza mafuta. GTO yakale ija inathera mu 1974. Lero Pontiac yomweyo kulibe, Plymouth kulibe.
Zomwe zinatsala zambiri zinadyedwa ndi dzimbiri, poti kuno nthawi ya sinowo amathira mchere m'misewu. Yake ya mdalayu ikafika November amaitsekera, kuchotsa batire, kuifunditsa, mpaka April kapena May. Chaka chatha tinapita limodzi ku Woodward Dream Cruise ku Detroit, imachitika Loweruka lachitatu la August, msewu wonse wa Woodward magalimoto akale okhaokha kuyambira m'mawa mpaka usiku, anthu atakhala pa mipando m'mbali mwa msewu ngati akudikira gule. Ulendo wobwerera anandiuza kuti ndiyendetse ndine njira yonse, iye maso ayamba kuvuta usiku.

Admin wa gulu:
Ine ndinafunsa funso koma yanga sindinanene. Ndinena mawa, lero ndikufuna ndingowerenganso zanuzi.

Achimwene a ku Joni:
Chemwali wa ku Ntcheu, ndangoyankhula ndi mwini wa Fairmont ija, akubwera nayo Lachisanu kuti tiipolishe. Ndamufotokozera za agogo, wavomera kuti tiilize. Ndijambula vidiyo, ndiyambira pa boneti kuti shaker ioneke ikugwedezeka, kenako ndipita kumbuyo ku ekizozi. Poti mwati maso anafooka nditumizanso voice note payokha, yaitali, muwaikire pakhutu.

Chemwali wa ku Ntcheu:
Ambuye akudalitseni achimwene. Mutumize Lachisanu lomwelo madzulo ndidaunilode ndikadali pa boma, kumudzi netiweki imangogwira pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi. Ndipo musaiponde kwambiri poyamba, muisiye ilire payokha pang'onopang'ono kaye, agogo amayeserera pamenepo.